Malamulo atsopano a bizinesi ndi abwino, koma ndalama yanga ya simenti ndiipeza liti?

Akonzi,

Ndipatseniko kampata munyuzi yathuyi ndiyankhulepo pa nkhani ya makhoti ndi malamulo a bizinesi, chifukwa zaka zingapo zapitazi takhala tikungomva kuti bilu yakuti yadutsa ku Nyumba ya Malamulo, lamulo lakuti lasayinidwa, Malawi walowa mumgwirizano wakutiwakuti, mabwana a masuti n'kumajambulitsa m'mahotela ku Lilongwe kuti tsopano dziko lino ndi malo abwino ochitirako bizinesi. Sindikutsutsa ayi, zambiri mwa zimenezi ndi zabwino ndithu ndipo ndizitchula. Koma ine ndimagulitsa zipangizo zomangira, malata, simenti, misomali, penti, ndipo funso langa ndi limodzi basi: munthu akatenga katundu wanga pangongole n'kuyamba kuzemba, ndalama yanga ndiipeza liti? Chifukwa kwa ife a mabizinesi ang'onoang'ono nkhani yonse yagona pa nthawi, ukhoza kukhala ndi umboni wonse, jaji n'kugwirizana nawe pa chilichonse, koma chigamulo chikabwera patatha zaka zinayi shopu unatseka kalekale.

Ndiyambe ndi zomwe zasintha kuti wina asanene kuti ndangobwera kudzalira. Mu 2021 Malawi analowa mu New York Convention, mgwirizano womwe unakhazikitsidwa kale mu 1958 ndipo ife timalowa maiko oposa 160 atalowa kale. Phindu lake ndi lakuti kampani yakuno ikasemphana ndi yakunja, nkhani yawo n'kugamulidwa kudzera mu arbitration, kutanthauza kuweruzidwa kunja kwa khoti ndi munthu amene mbali ziwirizo zasankha, chigamulocho chikhoza kugwira ntchito kuno komanso kunja popanda kuyambiranso mlandu wonse. Kenako mu 2024 kunabwera International Arbitration Act, poti lamulo lomwe timadalira linali la 1967, la nthawi ya Kamuzu dziko lili ndi zaka zitatu zokha chilandirire ufulu, kulibe kompyuta kulibe imelo. A Malawi Law Society mogwirizana ndi bungwe la amalonda la MCCCI anakhazikitsanso Malawi International Arbitration Centre kuti milandu yotereyi izimvedwa konkuno m'malo mothamangira ku Johannesburg kapena ku London ndi foreksi yomwe tilibe. Pamenepa ndikuwomba m'manja, munthu wakunja sangabweretse mamiliyoni a madola ake kudziko komwe sakudziwa kuti zinthu zikavuta akadandaula kuti.

Kwa amene simukudziwa mmene arbitration imayendera, mukamasayinirana kontrakiti mumalemberatu kuti tikadzayambana sitidzapita kukhoti, tidzasankha munthu wodziwa bwino ntchitoyi, kaya loya, kaya injiniya, kaya jaji wopuma, adzamve mbali zonse n'kugamula, ndipo chomwe wagamula ndi chomwecho, kuchitembenuza n'kovuta kwambiri. Zimachitikira m'chipinda, atolankhani kulibe, madeti mumapangana nokha. Kwa kampani yomanga msewu kapena ya migodi zimenezi ndi zokoma kwabasi. Koma wogamulayo mumamulipira nokha, chipindacho mumalipira nokha, maloya aliyense ndi wake, nde munthu amene akulondola K6 miliyoni yake ya malata akalowa bwanji mmenemo? Ndalama yolipira anthu onsewa ikhoza kumeza ngongole yonse n'kutsala ndi ina yoti uwonjezere.

Milandu yathu ife ndi ina. Kontrakitala wapeza tenda yomanga midadada ya sukulu, wabwera pashopu ndi pepala la tenda m'manja, watenga simenti ndi malata, akuti ndikalandira gawo loyamba ndidzakupatsani yonse, kenako foni yake sikupezeka, ukakumana naye pa filing'i siteshoni akuti bwana nawonso sanandilipire. Kopaletivu ya alimi yapereka soya kapena mtedza kwa wogula wamkulu, cheke chabaunsa. Wa lole wanyamula katundu kuchoka ku Kanengo kupita ku Mzuzu, afika akuti matumba ena anyowa nde sitilipira transipoti yonse. Landilodi wadya dipoziti ya shopu. Wina watuma mnzake kukaoda katundu ku Dar es Salaam, kwabwera theka. Ineyo ya kontrakitalayo inandionekera ndithu, dzina sinditchula, ndipo mpaka lero ndikamuona akudutsa pagalimoto yatsopano mtima umandiwawa. Mikangano ngati imeneyi ndi yomwe yadzadza m'matauni mwathu kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, ndipo palibe imodzi yomwe ingathe ndi New York Convention.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa apa mpamene pali nkhani. Tiyerekeze kuti munthu anatenga katundu wa K10 miliyoni kumayambiriro kwa 2022. Nthawi imeneyo dola kubanki inali cha m'ma K820, kutanthauza kuti ndalamayo inali pafupifupi madola 12,000. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700, ndipo mu 2024 inakhazikika cha m'ma K1,750. Nde ngati khoti lagamula mu 2024 kuti akubwezere K10 miliyoni yako, walandira madola osafika 6,000, theka la chuma chako lapita iwe utawina mlandu. Apa ndawerengera mtengo wakubanki, womwe tonse tikudziwa kuti wabizinesi wamng'ono saupeza, ukawerengera wa pamsika wakuseri mpomwe ungalire. Simenti, malata, mawaya, zonsezi mitengo yake imatsatira dola, ndiye ndalama yomwe inali yodzadza lole lero ikudzadza ka pikapu. Akuluakulu amati mlandu suwola, n'zoona, koma kwacha yokha imawola, ndipo wangongole wochenjera amadziwa zimenezi kuposa iwe. Kwa iye kuchedwetsa mlandu ndi bizinesi yabwino zedi, kubanki akanabwereka pa chiwongoladzanja chokwera poti Reserve Bank inakweza polisi reti, chiwongoladzanja chomwe mabanki amatsatira, kufika 26 peresenti mu 2024, pomwe kwa iwe wabwereka ulele. Inde ndikudziwa kuti khoti limatha kulamula kuti alipire ndi chiwongoladzanja chomwe, ndipo loya wabwino amapempha zimenezo, koma chiwongoladzanjacho chimabwera kumapeto, pomwe lendi ya shopu, malipiro a anyamata ndi ngongole yako ya kubanki zimafuna mwezi ndi mwezi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti vutoli boma linaliona kalekale. Nthambi ya khoti lalikulu yoona milandu ya zamalonda, Commercial Division, inakhazikitsidwa mu 2007 pa chifukwa chomwechi, kuti milandu ya bizinesi isamakhale pamzere umodzi ndi ya malo, ya ngozi zapamsewu ndi ya chuma chamasiye. Ili ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu 2017 kunabweranso malamulo atsopano oyendetsera milandu kukhoti lalikulu, omwe amati mlandu usanafike pozengedwa mbali ziwirizo ziyambe zakhala pansi pa mediation, jaji akhale mkhalapakati, ngati mmene ankhoswe amachitira banja lisanafike pothetsedwa, ndipo zikakanika mpamene fayilo imapita kwa jaji wina kuti azenge. Malamulo omwewo amati mlandu ukatha kumvedwa chigamulo chituluke pasanathe masiku 90. Papepala zonsezi n'zokongola, ndipo kunena chilungamo pali majaji ena olimbikira omwe amatsatiradi, pali anthu omwe nkhani zawo zinathera pa mediation pomwepo n'kulandira ndalama zawo pang'onopang'ono mwamtendere.

Koma funsani aliyense amene anayendapo m'makhonde a khoti akuuzeni. Wadzuka m'bandakucha kuchoka kuboma lako, minibasi wakwera mtengo wake wamakonowu, wafika ku Lilongwe, wadikira pabenchi mpaka dzuwa pamutu, kenako kalaliki akuti loya wa mbali inayo watumiza uthenga kuti ali kukhoti lina, mlandu wasunthidwa, deti ina mudzauzidwa. Ulendo wina akuti jaji ali ku semina. Ulendo wina fayilo sikuoneka. Tsiku lililonse lotere shopu wasiyira mnyamata, loya wako naye walemba kuti anabwera ndipo ulipira. Ndiye pali nkhani ya ziletso, abale, dziko lino chiletso chimatengedwa msanga kuposa chigamulo. Wawina bwinobwino, mawa lake mnzako wathamanga kukatenga pepala loimitsa chigamulo podikira apilo, apiloyo ku Supreme Court ikakhala nthawi yake, iwe uli chidikirire. Ndipo tisaiwale kuti makhoti athu amatsekekanso, mu 2012 ogwira ntchito kumakhoti ananyanyala ntchito kwa miyezi yoposa iwiri, zinabwerezekanso zaka zina pambuyo pake, ndipo nthawi yonseyo ngongole za anthu zinangoima pomwepo mitengo ikukwera.

Kuwina mlandu ndi nkhani ina, kulandira ndalama ndi nkhani inanso. Chigamulo ndi pepala, uyenera kubwereranso kukhoti kukapempha kuti masherifu akalande katundu kapena kuti ndalama zigwidwe kuakaunti yake kubanki. Masherifu afika, apeza ofesi muli tebulo limodzi, mipando iwiri ndi kalendala. Galimoto ija ili m'dzina la mkazi wake, nyumba ili m'dzina la mwana, akaunti muli ndalama ya eyataimu. Munthu yemweyo watsegula kampani ina dzina lina, akupitiriza kupeza matenda. Lamulo la makampani la 2013 linafewetsa kutsegula kampani, ngakhale munthu mmodzi akhoza kukhala ndi yake, ndipo masiku ano kulembetsa kumatheka pa intaneti, zomwe ndi zabwino kwa achinyamata ofuna kuyamba bizinesi. Koma mfundo yoti ngongole ya kampani si ngongole ya mwini wake, anthu ena aisandutsa pobisalira. Lamulo la Insolvency la 2016 linabwera kuti kampani yomwe yagwa ithandizidwe kudzukanso kapena katundu wake agawidwe mwadongosolo kwa omwe ili nawo ngongole, koma pamzere umenewo banki yomwe inagwira chikole imakhala patsogolo, ife opereka katundu popanda chikole timakhala kumchira kudikira zotsala, ndipo kawirikawiri sikutsala kanthu.

Ndisabise, nthawi zina kontrakitala akamati sanandilipire amakhala akunena zoona. Wangongole wamkulu m'dziko muno ndi boma lenilenilo, maunduna, makhonsolo ndi mabungwe ake. Munthu wapereka chakudya, mapepala kapena wamanga, invoisi yakhala chaka kapena kuposa, iye walephera kulipira ine, ine ndalephera kulipira holoselo, holoselo yalephera kulipira banki, unyolo wonse wayambira ku Capital Hill. Kusumira boma nako si masewera, uyenera kupereka kaye chidziwitso kwa Attorney General n'kudikira miyezi itatu usanatsegule mlandu, ndipo ukawina sungatumize masherifu kukanyamula magalimoto a unduna ngati mmene angachitire ndi ine, umangodikira kuti Treasury idzakukumbukire. Komanso ndani angayerekeze kusumira ofesi yomwe akuyembekezera kuti mawa imupatsenso tenda? Nde boma likamatiuza kuti lakonza malamulo a bizinesi, liyambe lalipira ma sapulaya ake panthawi yake, milandu yambiri ingathe yokha osafika n'kukhoti komwe.

Chifukwa cha zonsezi anthu anapeza njira zawo, ndipo zina si zabwino. Ambiri amathamangira kupolisi, nkhani ya ngongole n'kuisandutsa ya kuba mwachinyengo kuti munthu agone m'chitolokosi usiku umodzi achibale asonkhe ndalama. Apolisi si ntchito yawo kutolera ngongole, tonse tikudziwa, ndipo njira imeneyi imapweteka osauka okhaokha chifukwa wa ndalama amangoimbira loya wake n'kutuluka. Ena amaika chithunzi cha munthu pa Facebook kuti wakuba uyu, mawa iweyo ndi amene ukusumiridwa chifukwa choipitsa mbiri. Ena amatuma anyamata a matupi akuluakulu kukanyamula firiji. Koma njira yomwe ikupweteka dziko mwakachetechete ndi yomwe ambiri tasankha, kusiyiratu kukongoza. Lero pashopu panga ndi kashi basi, ngakhale kwa munthu amene ndikumudziwa kuti ndi wachilungamo, mnyamata woti wangopeza katenda kake koyamba ndipo akanatha kukula ndikanamuthandiza ndi matumba makumi angapo, ndimamubweza. Iye amakathera kwa a katapila. Bizinesi kulikonse imayenda ndi ngongole, ndipo ngongole imayenda pomwe anthu akudziwa kuti wozemba agwidwa msanga.

Palinso nkhani ya chikhulupiriro yomwe sitingaizembe. Mu 2024 dziko lonse linatekeseka loya wina atayamba kulemba pa Facebook zoti m'makhoti muli katangale, makamaka pa milandu ya zamalonda, mpaka a Judicial Service Commission, komiti yoyang'anira majaji, analengeza kuti afufuza. Ine sindine woweruza ndipo sindikuloza chala munthu, koma mmene anthu anailandirira nkhaniyo zinaonetsa kuti ambiri anali nazo kukhosi. Kumapeto kwa chaka chomwecho aphungu anavomereza mabilu okonza kayendetsedwe ka makhoti, kuphatikizapo lamulo la Judicial Service Administration lopatsa komitiyo mphamvu zomveka zolandira madandaulo ndi kulanga. Chabwino. Koma kuchedwa kwa zigamulo ndi komwe kumabala mphekesera, mlandu ukangokhala zaka osadziwika chifukwa chake munthu amayamba kuganiza kuti mnzanga uja wadutsa kuseri, ngakhale pamene jaji wangochulukidwa ntchito basi. Ndipo n'zoona majaji athu ndi ochepa poyerekeza ndi mafayilo omwe ali nawo, zimenezonso tizinene.

Ku mbali ya malamulo oyendetsera malonda, chomwe chinandisangalatsa ndi lamulo latsopano la Competition and Fair Trading la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 1998. Mukukumbuka nkhani ya bonasi ya Khethekhethe, pomwe CFTC, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, mu 2021 linalamula Airtel kulipira chindapusa cha ndalama zoposa K2 biliyoni, kampaniyo n'kupita kukhoti, ndipo mu 2023 khoti lalikulu linati pansi pa lamulo lakalelo bungweli linalibe mphamvu zolipiritsa chindapusa palokha. Apo ndiye kuti CFTC inatsala yongochenjeza. Lamulo latsopanoli lalipatsa bungweli mphamvuzo, kampani ikhoza kulipitsidwa mpaka 10 peresenti ya ndalama zomwe yapanga pachaka, ndipo muli ndime zoletsa ogula akuluakulu kupondereza owagulitsa, zomwe alimi ndi ma sapulaya ang'onoang'ono takhala tikuzifuna. Likulu la bungwe loona za mpikisano pa malonda m'maiko a COMESA lili konkuno ku Lilongwe, nde zinali zochititsa manyazi kuti eni khomo tikhale ndi lamulo lofooka chonchija.

Nkhawa yanga ndi yoti mphamvuzi zigwera ndani. Nthawi ya kusowa kwa shuga tinaona akuluakulu a unduna wa zamalonda ndi CFTC akuyenda m'mashopu, ena kutsekedwa chifukwa chokweza mitengo kapena kubisa katundu. Obisa katundu alangidwe, ndilibe nawo chisoni. Koma wa shopu ndi amene amaoneka chifukwa ali pamsewu, mtengo iye amaupeza utakwera kale kuchokera kumtunda, kwa amene ali ndi foreksi, kwa amene ali ndi chilolezo choitanitsa katundu, kwa ma distribyuta ochepa omwe amagawana dziko. Ngati simenti ndaigula modula kuholoselo, ndawonjezera transipoti pa mafuta omwe ndawapeza movutikira, mukufuna ndigulitse bwanji? Tsatirani unyolo wonse mpaka komwe wayambira, funsani ma invoisi kuyambira kufakitale kapena kuboda, osangothera pa ife chifukwa ndife osavuta kutseka ndipo tilibe loya wothamangira kukatenga chiletso.

Chinanso ndi malamulo ongodzidzimukira. Mu March 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa katundu wina kuchokera kunja, cholinga chake chomveka ndithu, kuteteza alimi ndi mafakitale athu komanso kusunga foreksi. Koma anthu anali atalipira kale katundu, malole ali panjira, ndipo mu April Tanzania inabwezera poletsa zokolola zathu kulowa kwawo, zinthu zinaima pa boda ya Songwe mpaka maboma awiriwa atakhala pansi kukambirana. Chiletso chilichonse chotere chimabala mikangano mazanamazana pansi pano, uyu akuti ndinakulipira bweretsa katundu, uyu akuti boma laletsa si vuto langa, wa lole akufuna ndalama ya masiku omwe waima, ndipo yonseyi ikathera kumakhoti omwe adzadza kale. Kupereka mwezi umodzi kapena iwiri ya chenjezo kukanapulumutsa anthu ambiri.

Anzanga a bizinesi nanunso ndikuuzeniko pang'ono, poti tili ndi chizolowezi chokongozana pakamwa chifukwa timapemphera limodzi kapena ndife a mudzi umodzi. Lembani. Kapepala kosonyeza katundu, mtengo, tsiku lolipira, asayine, mboni isayine, jambulani chiphaso chake cha unzika, sungani delivale noti ndi ma meseji a pa WhatsApp. Ngati ndi kampani, mwini wake asayine kuti kampani ikalephera adzalipira yekha m'thumba mwake, akakana pamenepo mwadziwa kale munthu amene mukuchita naye. Lembaninso kuti akachedwa mtengo udzatsatira wa tsiku lolipiralo. Pali lamulo la 2013 la Personal Property Security lomwe limalola kulembetsa katundu wosunthika ngati galimoto kapena makina kukhala chikole, ambiri timaganiza kuti ndi za mabanki okha. Ndipo musagone, ngongole ya kontrakiti ili ndi malire a zaka zisanu ndi chimodzi, zikadutsa osasuma khoti likhoza kukubwezani ngakhale muli ndi umboni wonse.

Chomwe ndikupempha kwa a Chief Justice Rizine Mzikamanda, unduna wa zachilungamo ndi aphungu athu si chachilendo. Mphamvu zomwe mwaika pokonzera njira makampani akunja muikenso pa ngongole zing'onozing'ono. Kukhoti la majisitireti paboma lililonse pakhale tsiku lodziwika pa sabata la milandu ya ngongole za bizinesi yokhayokha, fomu yake ikhale ya tsamba limodzi ya m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao yoti munthu adzaze yekha popanda loya, ndipo mlandu ukhale ndi malire a nthawi oti ukafika pamenepo uthe, wosabwera kawiri popanda chifukwa chomveka agamulidwe iye kulibe. Malire a ndalama zomwe majisitireti angaweruze azikwezedwa mogwirizana ndi kugwa kwa kwacha, chifukwa ndalama yomwe kale inali ya mlandu waukulu lero ndi ya malata a nyumba imodzi, nde munthu asamakakamizike kupita kukhoti lalikulu mumzinda pa ngongole wamba. M'misika yathu muli kale makomiti ndi matcheyamani omwe amathetsa mikangano tsiku ndi tsiku, aphunzitseni ena mwa iwo ukhalapakati, zomwe anthu agwirizana pamaso pawo zizikalembetsedwa kukhoti kuti zikhale ndi mphamvu ya chigamulo. A MCCCI ndi a Law Society, pa senta yanu ya arbitration ija tsegulaniko khomo laling'ono la mtengo wokhazikika woti wa shopu angakwanitse, musangoyang'ana a migodi. Ndipo makhoti a pa intaneti omwe munakhazikitsa mu 2024 mothandizidwa ndi UNDP afikenso ku milandu yathuyi, ngati deti yasintha nditumizireni meseji pafoni dzulo lake ndisawononge ndalama ya minibasi.

Za masiku 90 zija, nthambi ya makhoti izitulutsa poyera miyezi itatu iliyonse chiwerengero cha milandu ya zamalonda yomwe inatha kumvedwa koma chigamulo sichinatuluke, ndi kutalika kwa nthawi yomwe yadikira. Sitikufuna kunyoza jaji aliyense, tikufuna tidziwe ngati vuto ndi kuchepa kwa majaji kuti tikakamize aphungu awonjezere ndalama mu bajeti, kapena ngati ndi anthu ochepa okha amene akukhalira mafayilo. Inunso akonzi, atolankhani anu amathamangira kukhoti pakakhala mlandu wa ndale basi. Tumizaniko mmodzi ku Commercial Division ku Lilongwe kapena ku Blantyre akakhale pabenchi sabata imodzi, awerenge milandu yomwe yaitanidwa, ingati yamvedwa ndi ingati yasunthidwa, acheze ndi anthu omwe akudikira panja awafunse kuti mlandu wawo unayamba chaka chanji, mudzatilembere m'Chichewa tidzawerenge tonse.

Ndine wowerenga wanu,
Wogulitsa zipangizo zomangira,
Kasungu.